Jekete Yofiira ya mu Belo

Belo ndinalidula Lachiwiri m'mamawa,
chiperoni chitakhala pa Limbe ngati wodzatenga ngongole.
Waya ataduka, kaunjika anapuma
fungo lake lija la mankhwala ndi nyumba za eni.
Pansi pa majuzi othothoka ubweya
panatuluka jekete yofiira psuu,
yonenepa ngati yadya kale,
zipi yake yamoyo, yosafuna kupakidwa kandulo.

Paphewa anasokapo kambalame
koima chilili ngati kalaliki wa kubanki:
suti yakuda, malaya oyera, manja m'mbali.
Mwandida, mwana wanga wa kusekondale,
anati, "Amayi, ameneyo ndi pengwini,
mbalame yosauluka, ya uko dziko limathera."
Ndinati nkhuku nayonso siuluka,
koma ndani anaisokapo pajekete?

M'thumba lam'kati munali kapepala kopinda kanayi,
inki itayenderera m'mphepete ngati kanagwera m'madzi.
Iye akuwerenga, ine ndikubweza chenje:
Tsiku lachisanu ndi chinayi.
Chilumba chopanda mtengo ngakhale umodzi.
Anamgumi atatu kumanzere kwa sitima.
Tisanatsikire m'kabwato ka mphira atitsukitsa nsapato,
ati tingawatengere mbalame dothi lakwathu.
Atiuza tiziima patali,
koma zikabwera zokha, tisasunthe.
Imodzi yandijompha chingwe cha nsapato.
Ndiye pansi penipeni, zolemba zitapendekeka:
ndalira, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndinayamba ndaseka.
Munthu ndalama zogulira nyumba ku Chilomoni
kukazithira m'nyanja, masabata atatu akusanza,
kuti mbalame imujomphe nsapato!
Ine akhwangwala apamsika amandibera chimanga chootcha
popanda tikiti, popanda pasipoti.
Afisi a ku Michiru ali pompano,
minibasi ziwiri basi kuchokera pabenchi yanga,
ndipo zaka makumi anayi sindinawaperekepo moni.

Koma usiku uja ku Bangwe, magetsi atathawa,
ndinaivala, ndikudziuza kuti ndikuyesa zipi.
Ndinakhala pakhonde.
Nkhungu inali itameza phiri,
itameza nyumba ya aneba, bafa, mtengo wa mapeyala,
ine ndekha pakasimenti kanga kozizira,
madzi oyera mbali zonse,
galu wina akuuwa kutali ngati wa pachilumba china.
Sindinasunthe.
Palibe chinabwera.
Komabe pakhosi panandigwira,
ndipo nanenso musandifunse chifukwa chake.

Anaigula ndi a Likoswe Loweruka,
mlonda wa pafakitale ina ku Makata.
Tinakangana mtengo mpaka dzuwa linasuzumira.
Anati yofiira imaonetsa mlonda kwa akuba,
ndinati imaonetsanso abwana kuti simunagone.
Anapereka theka, lina pakutha pa mwezi,
anaivala pomwepo pamwamba pa yunifolomu,
manja a jekete atawabisa zala.

Za sitima sindinawauze.
Ndikanayambira pati?
Kuti chovala ichi chinaona mapiri a madzi oundana
akuyandama ngati Soche wazulidwa,
chinamva mpweya wa namgumi,
tsopano chizimva fungo la Mudi
ndi wailesi ya mabatire ofooka?

Lolemba, ndikupita kukaoda mbandakucha,
ndinawaona pawindo la minibasi:
ali pageti, chilili m'nkhungu,
manja m'mbali, chibwano m'kolala,
kambalame paphewa, onse awiri kuyang'ana kumodzi.
Magalimoto ankadutsa patali.
Palibe anaima kuwajambula.

Kapepala kaja ndinasunga.
Kali m'kachikwama ka m'chiuno, pakati pa makwacha,
kafewa ngati ndalama yoyenda m'manja ambiri.
Dzana ndinatsala pang'ono kukabweza ngati chenje
kwa mayi wogula masokosi.
Ndinakalanda msanga, iye n'kudabwa.
Ndinati pepani, iyi si yakuno.